Kodi nambala 40 ili ndi chinsinsi? Yankho kwa mayi wa ku Bangula

Mayi wina wa ku Bangula, amene amaphunzitsa ana ku Sande sukulu, wandilembera kalata yomwe ndaiwerenga kawiri. Akuti mwana wawo anadwala malungo mwezi wa Okutobala, ndipo kuchipatala kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi kanaonetsa 40. Madzulo a tsiku lomwelo anamva pa wailesi kuti ku Ngabu kwatentha mpaka madigiri 40. Lamulungu lake phunziro la ana linali la Nowa ndi mvula ya masiku 40, usana ndi usiku. Kuwonjezera apo mng'ono wawo ndi woyembekezera, ndipo ku sikelo anamuuza kuti mimba imatenga masabata 40. Funso lawo ndi ili: "Aphunzitsi, inu mwakalambira pa masamu. Zangochitika izi, kapena nambala imeneyi ili ndi chimene ikutiuza?"

Mayi, choyamba ndikhulupirira kuti mwanayo anachira ndipo akusewera ndi anzake. Za nambalayo, ma 40 anu anayiwo ambiri mwa iwo si apachibale. Angofanana dzina basi, monga mmene mungaitanire pamsika wa Bangula kuti "Joni!" n'kucheuka anthu anayi osadziwana n'komwe. Komatu Joni aliyense ali ndi kwawo, ndipo nkhani yokoma ili kwawoko. Pali 40 ina imene anthu anangoisankha pofuna kunena kuti "nthawi yaitali ndithu". Pali ina imene anachita kuikonza dala kuti ikwane. Ndiye pali ina, yosowa kwambiri, imene ngakhale mutaikankha bwanji singasunthe kukhala 39 kapena 41.

Tiyambire m'manja mwanumo. Timawerenga m'makumi chifukwa tili ndi zala khumi. Chichewa chimaonetsa zimenezi poyera: tikafika pa zisanu dzanja limodzi latha, ndiye timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Anzathu a Chisena kuno ali ndi mawu akeake, tanthatu, nomwe, sere, pfemba, koma nawonso akafika pa khumi amayambiranso. Choncho 40 imamveka yokwana bwino m'khutu poti ndi makumi anayi opanda chotsalira, zala zonse za anthu awiri, zam'manja ndi zakumapazi zomwe. Tikanalengedwa ndi zala zisanu ndi chimodzi dzanja lililonse, bwenzi tikuwerenga m'madazeni, ndipo ulemu umene 40 ili nawo lero bwenzi uli wa 36 kapena 48. Mbuzi m'khola zikanakhala zomwezo, kungoti palibe akanaona chapadera pa chiwerengero chake.

M'Baibulo lanu lija 40 yadzazamo. Mose anakhala pa phiri la Sinai masiku 40, azondi anazonda dziko la Kanani masiku 40, Aisraeli anayendayenda m'chipululu zaka 40, Eliya anayenda masiku 40 kukafika ku Horebu, Yona anapatsa Nineve masiku 40, Yesu anasala kudya masiku 40. Davide analamulira zaka 40, mwana wake Solomo zaka 40. Munthu wa masamu akaona mndandanda wotere amayamba wadzifunsa kuti zinthu zosiyana chonchi zathera bwanji pa nambala imodzimodzi. Ndipo Baibulo lomwelo limatitsina khutu. Tsegulani 2 Samueli 5, ndime 4 ndi 5. Ndime yoyambayo ikuti Davide analamulira zaka 40. Yotsatirayo ikuphwanya: zaka 7 ndi miyezi 6 ku Hebroni, zaka 33 ku Yerusalemu. Phatikizani nokha, mupeza zaka 40 ndi theka. Wolembayo sanaphonye masamu, ndiponso sanabise kanthu, popeza manambala onse anawayala pamodzi kuti aliyense aone. Ankadziwa kuti omvera ake akamva 40 akumva m'badwo wathunthu, nthawi yoti khanda likule, likwatire, nalonso liyambe kudikira zidzukulu.

Za Nowa n'chimodzimodzi, ndipo apa ndikupemphani mukonze kena kake. Ana ambiri amatuluka m'kalasi akuganiza kuti chigumula chinatha masiku 40. Ayi. Mvula ndiyo inagwa masiku 40. Madzi anakhala pa dziko masiku 150, malinga ndi Genesis 7:24, ndipo mukawerengera kuyambira pamene chigumula chinayamba mpaka tsiku limene Nowa anatuluka m'chingalawa, mupeza kuti panadutsa chaka chathunthu ndi masiku angapo. Ife akuchigwa kuno sitifuna wotiuza zimenezi. Mvula imakata Lachitatu, koma Shire ndi Ruo akadzaza n'kukumana pa Chiromo, madzi amakhalabe m'minda ya ku Makhanga masabata, anthu ali m'misasa, ana mpaka kuiwala pamene anasiyira sukulu. Mukadzaphunzitsanso phunziro limeneli muwawerengere anawo ndime ya masiku 150 ija. Adzaimva msanga kuposa ana a ku Lilongwe.

Malo amodzi amene 40 inali malire enieni a lamulo ndi Deuteronomo 25:3, pamene akuletsa kukwapula wolakwa zikoti zopitirira 40. Poopa kuphonya powerenga, Ayuda ankalekeza pa 39, n'chifukwa chake Paulo pa 2 Akorinto 11:24 akunena za zikoti makumi anayi kuchotsapo chimodzi.

Kalankhulidwe kameneka sikali m'Baibulo mokha. Mtengo wa nimu uli pakhomo panuwo, umene tonse timathawirapo dzuwa likalusa, olankhula Chiswahili amautcha mwarobaini, kuchokera ku arobaini, ndiye kuti 40. Amati umachiza matenda 40. Musaganize kuti pali mndandanda wa matendawo kuyambira oyamba mpaka omaliza. Akungonena kuti ambirimbiri. Kwa abale athu achisilamu, mneneri Muhammad analandira uthenga woyamba ali ndi zaka 40, ndipo ambiri amachita sadaka patatha masiku 40 munthu atamwalira. Pa zakaat ndi pamene 40 imagwira ntchito yowerengera ndendende: pa chuma chosunga munthu amapereka gawo limodzi mwa magawo 40, ndipo woweta mbuzi kapena nkhosa amayamba kupereka imodzi ziwetozo zikakwana 40. Wa mbuzi 39 alibe mangawa.

Tsopano 40 yochita kukonza. Tengani kalendala muwerenge masiku a Lenti, kuyambira Lachitatu la Phulusa mpaka Loweruka loti mawa lake ndi Pasaka. Mupeza 46. Mpingo umachotsapo masiku 6 a Lamulungu, poti Lamulungu si tsiku losala, n'kutsala 40 yolingana ndi ya Yesu m'chipululu. Apa nambala ndiyo inayamba, kalendala n'kuchita kuidulira ngati nsalu kwa telala.

Mawu aja tinawamva mpaka kutopa nawo mu 2020, akuti quarantine, nawonso ndi 40 yobisala. Amachokera ku quaranta, 40 m'Chitaliyana. M'nthawi ya miliri yaikulu ku Ulaya, mzinda wa Ragusa, umene lero ndi Dubrovnik, unalamula mu 1377 kuti ochokera kumadera a mliri adikire masiku 30 asanalowe mumzinda. Pambuyo pake madoko ena monga Venice anakweza masikuwo kufika pa 40. Nthawi imeneyo kunalibe wodziwa za tizilombo toyambitsa matenda. Covid-19 itafika, madokotala anaona nthawi imene kachilombo kamatenga kuti kaonekere m'thupi, n'kuika masiku 14. Dzina linatsala, nambala inachoka.

Chitsanzo chimene chinkasokoneza kwambiri ana anga a Fomu 3 ndi cha dziko lapansi. Mukalizungulira podutsa kumpoto kwenikweni ndi kummwera kwenikweni, ulendo wake ndi makilomita 40,008, kungopitirira pang'ono 40,000 ndendende. Mnyamata wina anaimirira n'kunena kuti umenewu ndi umboni wakuti Mlengi amakonda 40. Ndinamufunsa kuti, nanga kilomita anailenga ndani? Mu 1791 akatswiri a ku France anagwirizana kuti mita ikhale gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a mtunda wochokera ku North Pole, kumpoto kwenikweni kuja, kufika pa equator, mzere wodula dziko pakati. Amuna awiri, Delambre ndi Méchain, anatha zaka zingapo kuyambira mu 1792 akuyeza mtunda wa pakati pa Dunkirk ndi Barcelona kuti apeze kutalika kwa gawolo. Kuchokera ku North Pole kufika pa equator ndi kota ya ulendo wonse, ndiye makota anayi a makilomita 10,000 akupatsani 40,000. Tinadula ndodo molingana ndi dziko, kenako n'kumadabwa kuti dziko likulingana ndi ndodo. Makilomita 8 apamwambawo ndi kuphonya pang'ono kwa muyezo wa amunawo. Mnyamata uja anakhala pansi osakondwa, koma pa mayeso funsolo analikhoza.

Palinso vuto la khutu lathu, limene limakoka manambala oyandikira kuwabweretsa pa 40. Namondwe Freddy, amene anatiliza mu Malichi 2023, anakhala masiku 36 asanafe, ndipo bungwe loona zanyengo pa dziko lonse la WMO linatsimikiza kuti palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa chotero. Ndilibe chikayiko kuti zidzukulu zathu zidzamva kuti anatha masiku 40. Malo otsika kwambiri m'Malawi muno ali kwathu konkuno, pamene mtsinje wa Shire ukufika m'malire a Mozambique kumunsi kwa Nsanje: mamita 37 pamwamba pa nyanja yamchere. Wofunafuna zizindikiro anena kuti "pafupifupi 40". Koma mukalola 36 ndi 37 kulowa m'khola la 40, ndiye kuti 40 muipeza kulikonse kumene mungaponye maso, ndipo manambala osagwirizana nayo amangodutsa osawapatsa moni. Thumba la chimanga ndi makilogalamu 50, lamulo la ntchito m'dziko muno limaika malire pa maola 48 pa sabata, mano a munthu wamkulu ndi 32. Za amenewa palibe amandilembera kalata.

Za mng'ono wanu. Masabata 40, omwe ndi masiku 280, anamwino amawawerenga kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza, chifukwa ndi tsiku limene mayi angalikumbuke. Koma pa tsikulo mimba imakhala isanakhale. Dzira limakumana ndi mbewu ya bambo patapita masabata awiri kapena kuyandikira apo, kotero mwana amakhala m'mimba pafupifupi masabata 38. Nambala 40 yabwera chifukwa cha pamene tasankha kuyambira kuwerenga. Ndiponso ndi amayi ochepa kwambiri amene amachira pa tsiku lolembedwa m'buku lakuchipatala lija. Mwana wobadwa pakati pa masabata 37 ndi 42 amatengedwa kuti wabadwa pa nthawi yake. Muuzeni mng'ono wanuyo kuti zitenje, beseni ndi chikwama zikhale zokonzeka sabata ya 36 ikamatha. Ngati masiku akewo akugwera mu Januwale kapena Febuluwale, apite msanga kuchidikiro, poti mtsinje ukadula msewu suwerenga masabata.

Ma 40 awiri otsalawo, a dzuwa ndi a thupi la mwana, ndi okhawo m'kalata yanu amene ali pachibale, ndipo kholo lawo ndi 37. Mkati mwa thupi la munthu wabwinobwino mumatentha pafupifupi madigiri 37. Kunja kukakhala kozizirirapo kuposa apo, thupi limataya kutentha kwake mumpweya popanda vuto. Kukafika 40, mpweya ndiwo umayamba kuliwotcha thupi, ndipo chimene chatsala ndi thukuta lokha, limene limachotsa kutentha likamauma pakhungu. N'chifukwa chake munthu wolima kudimba masana osamwa madzi amachita chizungulire n'kugwa. N'chifukwa chakenso kutentha kwa mu Disembala mvula itagwa, mpweya uli wachinyezi ndipo thukuta likungoyenderera osauma, kumalemera kuposa kwa mu Okutobala ngakhale madigiri atatsikirapo. Chigwa chathu chimatentha chonchi chifukwa cha kutsika kuja. Mpweya umazizira madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, ndipo Blantyre ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000. Ndiye musadabwe kuti m'minibasi anthu amayamba kuvula majuzi asanafike n'komwe pa Thabwa.

Pa mwana, Mayi, chonde 40 isakhale nambala yodikirira. Achipatala amati thupi latentha likangofika 37.5 poyeza m'khwapa. Mwana wosakwana zaka zisanu akatentha thupi kuno kwathu, pitani naye tsiku lomwelo akamuyeze magazi, osayamba mwaphika masamba a nimu. Akapezeka ndi malungo amalize mankhwala onse a LA, ngakhale atayamba kusewera pa tsiku lachiwiri. Akamakomoka, kusanza chilichonse chimene wadya, kapena kukana kuyamwa, imeneyo ndi ngozi, kaya kachipangizo kakuti 38 kaya 40.

Ndipotu 40 imeneyi ndi ya muyezo wa Celsius wokha. Ku America, kumene amatsata wa Fahrenheit, mwana wanu yemweyo akanamulembera 104. Miyezo iwiriyi imakumana pa malo amodzi okha, pa 40 ya kunsi kwa ziro: chulukitsani -40 ndi 9, gawani ndi 5, onjezani 32, mubwerera pa -40. Kuzizira kumeneko ku Nsanje sitidzakuona, ndipo kukumanako kwangochokera pa mmene amuna awiri, Celsius ndi Fahrenheit, anajambulira mizere pa magalasi awo.

Nanga 40 yosasunthika ija ili kuti? Ina ili m'mafupa mwanu. Zinthu zonse zimapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu. Atomu iliyonse ili ndi phata, ndipo m'phatamo muli tinthu ta mitundu iwiri towerengeka, mapulotoni ndi manyutuloni. Pafupifupi kashiamu yense wa m'mafupa ndi m'mano ali ndi 20 a mtundu uwu ndi 20 a mtundu uwo, pamodzi 40. Potaziyamu wa m'nthochi ndi m'mbatata ali ndi kachigawo kochepetsetsa ka mtundu wotchedwa potaziyamu-40, umene umasweka pang'onopang'ono. Pamapita zaka 1.25 biliyoni kuti theka lake lisinthe, wambiri kukhala kashiamu-40, wina kukhala mpweya wa argon-40. Chiphalaphala cha phiri lophulika chikauma, argon amene akubadwayo amatsekeredwa m'mwalamo, ndiye akatswiri akayerekeza potaziyamu wotsala ndi argon wounjikana amadziwa zaka za mwalawo. Njira imeneyi ndi imene mu 1961 inaonetsa kuti miyala ya ku Olduvai Gorge ku Tanzania, kumene banja la Leakey linafukula chigaza cha cholengedwa chakalekale chofanana ndi munthu, ili ndi zaka pafupifupi 1.75 miliyoni. Apa palibe anasankha kanthu. Munthu wa zala 12 akanailemba mosiyana nambalayo, koma tinthuto akanatipeza tomweto.

Koma imene ndimaikonda ine ndi ya pa sikelo. Ndili mwana, m'golosale ina pa Ngabu munali sikelo ya mbale ziwiri, mchere kapena shuga mbali imodzi, miyala yachitsulo mbali inayo, mwini golosale akuthira pang'onopang'ono mpaka mbalezo zilingane. Pali funso lakale la sikelo yotere, limene lili m'buku la mu 1202 la Fibonacci, katswiri wa masamu wa ku Italy, ndipo Mfalansa wina, Bachet, analitchukitsanso m'zaka za m'ma 1600. Mukufuna kuyeza katundu aliyense wolemera kuyambira kilogalamu 1 mpaka 40, popanda za theka. Mugule miyala ingati kuti musawononge ndalama? Ambiri amayamba ndi khumi. Yankho ndi inayi yokha: wa 1, wa 3, wa 9 ndi wa 27.

Nzeru yake ndi yakuti mwala mukhoza kuuika mbale iliyonse, ngakhale mmene muli katundu. Mukufuna makilogalamu 2 a mapira? Ikani wa 3 kumanja, wa 1 pamodzi ndi mapira kumanzere. Mbale zikalingana, mapirawo ndi 2. Makilogalamu 5, ikani wa 9 kumanja, wa 3 ndi wa 1 kumbali ya katundu. Thonje la makilogalamu 22, ikani wa 27, wa 3 ndi wa 1 kumanja, zomwe ndi 31, wa 9 musanjike pa thonjelo. Miyala yonse inayi mbali imodzi ndi 40, ndipo pamenepo ndiye pothera.

Chifukwa chiyani pa 40 penipeni? Mwala uliwonse uli ndi malo atatu: kumanja, kumanzere, kapena pansi. Miyala inayi ndiye kuti 3 kuchulukitsa ndi 3, ndi 3, ndi 3, njira 81 zoiikira. Imodzi mwa njirazi ndi yakuti yonse ili pansi, simukuyeza kanthu, ndiye zatsala 80. Iliyonse mwa 80 zimenezi ili ndi inzake ngati mapasa, pamene mwangosinthanitsa mbale, kotero zogwira ntchito ndi theka lake, 40. Muno mulibe zala, mulibe kalendala, mulibe wodula ndodo. Miyala itatu singapitirire 13 ngakhale mutaisankha mochenjera bwanji, ndipo inayi singapitirire 40.

Yesani ndi ana anu phunziro la Sande sukulu likatha. Sikelo simukuifuna. Dulani makatoni anayi, lembanipo 1, 3, 9 ndi 27, jambulani mbale ziwiri pamchenga pansi pa nimu uja, mwana mmodzi azitchula kulemera kwa katundu, anzake aziika makatoniwo. Pa 14 ndi pamene ambiri amaima, chifukwa pamafunika kuika wa 27 yekha mbali imodzi, miyala itatu yonse yaing'ono kumbali ya katundu, ndipo mwana savomera msanga kuti kuchotsa kungamufikitse pa yankho. Akadutsa pamenepo, afunseni kuti mwala wachisanu ukhale wolemera bwanji, ndipo ungatifikitse pati. Inu ndikunong'onezeni: ndi wa 81, ndipo sikeloyo ifika pa 121.